Ziboliboli za ku Lilongwe ndi Mwambo wa Chiliza

Akuluakulu adati kuyenda n'kuona. Koma woona zenizeni ndi woyenda pansi, pakuti wa pagalimoto amangoona nkhongo ya dalaivala ndi fumbi la pazenera. Munthu wa kumapiri a Dedza akakwera minibasi m'mamawa, nkhungu isanachoke paphiri, n'kudutsa pa Chimbiya, pa Linthipe ndi pa Nathenje, amafika ku Lilongwe dzuwa lisanayambe kuwawa, popeza ulendowo ndi wa makilomita pafupifupi 85. Ambiri amatsikira kudepoti, n'kugula zimene adzera mumsewu wa Malangalanga, n'kubwerera kwawo madzulo. Koma amene ali ndi tsiku lathunthu ndi nsapato zolimba ayenera, kamodzi kokha pa moyo wake, kuwoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe ndi kuyenda wapansi mpaka ku City Centre, kumene kudaima anthu a mkuwa amene sanyowa ndi mvula ndipo sayankha moni.

Asanafike kwa anthu a mkuwawo, woyenda pansi amayamba waphunzira ndale kuchokera pa zikwangwani za misewu. Msewu umene akupondawo ndi Kamuzu Procession Road, ndipo dzinalo likukumbutsa masiku amene Ngwazi inkadutsa pa mdipiti, misewu itatsekedwa, amayi a mbumba akuimba, ana asukulu atandandalika m'mbali. Akapita patsogolo apeza msewu wa Paul Kagame, umene akuluakulu a mumzindamo amautchabe Chilambula, dzina lake la kale lisanasinthidwe m'chaka cha 2007. Madera okhalamo anthu, amene akadayenera kukhala ndi maina, adapatsidwa manambala: Area 3, Area 18, Area 25, Area 47. Mzindawu udakhala likulu la dziko m'chaka cha 1975, ndipo udayamba wajambulidwa papepala anthu asanadzazemo. Mwina n'chifukwa chake maina ake amafufutika mosavuta ngati choko pabolodi.

Mbiri ya kufufutako ndi yaitali. Boma la a Bakili Muluzi litalowa m'chaka cha 1994, dzina la Kamuzu lidachotsedwa pa bwalo la ndege la ku Lumbadzi, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe ndi pa bwalo la zamasewero la ku Blantyre, limene lidayamba kutchedwa Chichiri. Nkhope yawo idachoka pa ndalama, ndipo tsiku lawo la pa 14 Meyi lidaleka kukhala tchuthi. A Bingu wa Mutharika atalowa m'chaka cha 2004 adabwezeretsa mainawo, kenaka tchuthi chija. Mbendera nayo sidapulumuke: m'chaka cha 2010 dzuwa lotuluka lidasanduka dzuwa lathunthu loyera, ndipo m'chaka cha 2012 lidabwereranso pa kutuluka paja. Mwana amene adabadwa m'chaka cha 1990 adafika pa msinkhu wokwatira ataona bwalo limodzi la mpira likusinthidwa dzina kawiri ndi mbendera imodzi ikusokedwa kawiri. Mwana wotere akamakayikira kuti zolembedwa pa mwala zimatanthauza kanthu, asadzudzulidwe.

Pakatha ola limodzi kapena kuposerapo, woyenda uja amafika pamene pali zinthu zitatu zoyandikana. Pali Nyumba ya Malamulo, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la China n'kutsegulidwa m'chaka cha 2010, ndipo pabwalo pake padaima chiboliboli cha a Bingu. Pafupi pomwepo pali chiliza cha a Kamuzu, cha miyala yonyezimira, chokhala ndi nsanamira zinayi zoimira ngodya zija zimene mwana wasukulu aliyense wa nthawi imeneyo ankaloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Chakumtunda, cha ku Area 18, kuli nsanja yokumbukira asilikali amene adafera pa nkhondo, ndipo patsogolo pake padaima a Kamuzu a mkuwa, atavala suti, litchowa lili m'dzanja ngati akulonjera khamu losaoneka. Malowa ndi aulemu, ndipo palibe munthu wanzeru amene angafune kuti agwetsedwe. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi zaka zimene zinthuzi zidaimikidwa.

A Kamuzu adamwalira pa 25 Novembala 1997 ku Johannesburg, naikidwa ku Lilongwe pa 3 Disembala. Chiliza chawo chidatsegulidwa pa 14 Meyi 2006, patapita zaka zisanu ndi zitatu ndi miyezi ingapo, ndipo apa a Bingu adachita chinthu chimene chidayenera kuchitika. Koma chiboliboli chija chidavundukulidwa m'chaka cha 2009, chaka cha chisankho, pamene wopikisana nawo wamkulu adali a John Tembo, phungu wa ku Dedza, mtsogoleri wa chipani chomwecho cha Kongeresi chimene a Kamuzu adachitsogolera zaka zoposa 30. M'masiku omwewo a Bingu nawo adali atayamba kutchedwa Ngwazi. Chiboliboli cha a Bingu, amene adamwalira mu Epulo 2012, chidaimikidwa m'chaka cha 2019 ndi boma la mng'ono wawo, a Peter Mutharika, ndipo chimenechonso chidali chaka cha chisankho. Galu wamkota sakandira pachabe. Munthu sayenera kukhala wodana ndi chipani chilichonse kuti aone kuti akufa a dziko lino amakumbukiridwa kwambiri pamene amoyo akufuna mavoti.

Apa ndi pamene mwambo wa kumudzi uli ndi mawu. Chiboliboli cha mtsogoleri ndi chiliza cha mtundu wonse, ndipo Achewa, Angoni ndi Ayao a ku Dedza amadziwa bwino momwe chiliza chimamangidwira. Sichimangidwa sabata ya maliro. Amayamba ameta, misozi iume, mvula igwe pa mtumbira kamodzi kapena kawiri kuti dothi likhazikike. Kenaka mwinimbumba amaitana abale onse, ngakhale amene ali ku Joni ndi ku Harare, ndipo amakhala pansi kukambirana tsiku, ndalama zosonkha ndi mawu olemba pa mwala. Akuchimuna amauzidwa, akuchikazi amauzidwa, ndipo nkhani imakafika kwa amfumu, amene ndiwo eni ake a manda. Wosauka amene alibe ndalama amabwera ndi nsengwa ya chimera kapena nkhuku, kuti nayenso adzati chiliza chija tidamanga. Mkamwini, kaya ndi wolemera chotani, sangangotulukira ndi matumba a simenti n'kuyamba kufukula pa manda a apongozi ake. Akatero amamukhazika pabwalo, chifukwa nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo anthu amayamba kufunsana chimene akufuna kwenikweni: kulemekeza malemuwo kapena munda umene adasiya.

Adzukulu owerenga tsamba lino azindikire kuti mawu akuti adzukulu ali ndi matanthauzo awiri. Ndi ana a ana, komanso ndi anthu amene amakumba manda, kusambitsa mtembo ndi kunyamula maliro. Chichewa sichidalakwitse pogwiritsa ntchito liwu limodzi. Amene adzasamale manda a munthu ndi amene akudza pambuyo pake, ndipo n'chifukwa chake pa nkhani ya chiliza amafunsidwa maganizo. Chiliza chimene adzukulu sadachivomere chimamera tsekera chaka chachiwiri.

Ndi bwinonso kukumbukira kuti chiliza cha simenti ndi chachilendo. Chidadza ndi amishoni ndi ndalama za kumigodi. Kale pa mtumbira ankaika mbiya kapena mbale ya malemuyo ataiboola, ndipo manda onse ankadziwika ndi msitu wake, umene palibe ankayerekeza kudulamo mtengo. Chikumbutso chenicheni chidali dzina. Mfumu ikagona, dzina lake limadzuka mwa mphwake kapena mwa wina wa m'banjamo. Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Tambala, Chilikumwendo, Kamenyagwaza ndi Kachindamoto ndi maina amene akhala akuyenda ndi miyendo, kuweruza milandu ndi kulandira alendo kwa mibadwo ingapo, popanda mkuwa ngakhale kachidutswa. Chiboliboli cha makolo chidali munthu wamoyo, ndipo ubwino wake udali woti akalakwitsa ankatha kumulangiza.

Tsono pamene ziboliboli za mumzinda zinkaimikidwa, adakhala pansi ndani? Pa dongosolo la boma, mbumba ya mzinda imayankhula kudzera mwa makhansala. Chisankho cha makhansala chidachitika m'chaka cha 2000, nthawi yawo idatha m'chaka cha 2005, ndipo dziko lidakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha m'chaka cha 2014. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo makhonsolo ankayendetsedwa ndi olembedwa ntchito, amene maso awo amayang'ana kumtunda kumene kumachokera malipiro. Ndi m'zaka zomwezo mmene ogulitsa malonda adachotsedwa m'misewu m'chaka cha 2006, mmene Chilambula adasanduka Kagame, ndi mmene a Kamuzu a mkuwa adaimikidwa. Zina mwa zimenezi zidali zabwino, ndipo mwina makhansala akadavomera zonse. Koma kuvomera ndi kuuzidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. M'chaka cha 2006 msewu wa Midima, wochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, udapatsidwa dzina la a Robert Mugabe mabungwe ambiri akukana, ndipo sipadatenge nthawi kuti chikwangwani chake chiwonongedwe. Anthu mpaka lero amangoti Midima.

Nkhani imene idaonetsa poyera vuto lonse idachitika ku Blantyre m'chaka cha 2018, makhansala alipo kale. Pa Ginnery Corner, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, amisiri adayamba kumanga tsinde loikapo chiboliboli cha Mahatma Gandhi. Boma la India lidali litalonjeza kumanga nyumba ya misonkhano ya ndalama zokwana madola 10 miliyoni. Achinyamata a mumzindamo adakana. Adanena kuti Gandhi, pa zaka zake zoyamba ku South Africa, kumene adakhala kuyambira 1893 mpaka 1914, adalemba mawu onyoza anthu akuda, ndiponso kuti sadachitepo kanthu m'dziko lino. Anthu oposa 3,000 adasayina chikalata chokana, ndipo kumapeto kwa Okutobala bwalo lalikulu la milandu lidapereka chiletso. Mu Disembala chaka chomwecho, ku Ghana adachotsa chiboliboli cha munthu yemweyo pa sukulu ya ukachenjede ya ku Legon. Potsiriza, m'chaka cha 2020, chiboliboli cha Gandhi chidaikidwa ku Lilongwe, mkati mwa mpanda wa ofesi ya kazembe wa India.

Gandhi adali munthu wamkulu, ndipo njira yake yolimbana ndi atsamunda popanda chida idaphunzitsa ambiri, kuphatikizapo atsogoleri a mu Africa. Msewu wa dzina lake ulipo ku Blantyre kuyambira kale ndipo palibe adaukana. Koma pamene chidathera chiboliboli chija ndi pamene chidayenera kuyambira. Mlendo akafuna kukumbukira agogo ake amapachika chithunzi m'nyumba imene wapatsidwa, osati pa bwalo la mudzi. Cholakwa chachikulu sichidali cha alendo, amene adangopempha. Chidali cha eni mudzi amene adapereka mphambano ya misewu ngati chenji cha nyumba ya misonkhano, osafunsa mbumba. Achinyamata aja ena adawatcha amwano, koma pa mlandu umenewu ndiwo adasunga mwambo.

Chiboliboli cha a Bingu chidabweretsa phokoso la mtundu wina. Zithunzi zake zitafala pa intaneti, anthu ambiri adadandaula kuti nkhopeyo sikufanana ndi munthu amene ankamudziwa. Ena adaseka, koma nkhaniyo si yoseketsa. Kumudzi mmisiri akalakwitsa dzina pa mwala wa chiliza, abale amakana kuvundukula. Anthu amene adadandaulawo, ngakhale ena amene sadawavotere a Bingu, adasonyeza kuti amawerengera nkhopeyo ngati yawo. Wolamulira aliyense akadaphunzirapo kuti mtsogoleri akamwalira amachoka m'manja mwa chipani ndi mwa banja, n'kukhala wa onse, okondwa naye ndi olira chifukwa cha iye.

Olira chifukwa cha iye: apa pali mfundo imene mkuwa umalephera kunena. Pa maliro a kumudzi, mtembo usananyamuke, woyankhulira banja amaimirira n'kulengeza kuti ngati alipo amene malemuwa adali nawo ngongole, kapena amene adakongola kwa malemuwa, abwere adzaonane ndi abale. Mwambo umenewu ndi wozama. Umavomereza kuti munthu wabwino amathanso kusiya ngongole, ndipo kuti ulemu wa malemu sukwanira mpaka ngongolezo zitatchulidwa. A Kamuzu adathetsa chitaganya, adamanga likulu, misewu, sukulu ya ukachenjede ndi zipatala, ndipo alimi ambiri a m'chigawo chapakati amakumbukira masiku awo ndi chisangalalo chosanamizira. Koma mu ulamuliro womwewo mudali ndende za Mikuyu ndi Dzaleka, mudali kuzunzidwa kwa a Mboni za Yehova kuyambira 1967, ndipo mudali imfa ya a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga ku Thambani, m'boma la Mwanza, mu Meyi 1983. Bwalo la milandu lidapeza a Kamuzu ndi a Tembo osalakwa pa mlandu wa ku Mwanza mu Disembala 1995, ndipo mu Januwale 1996 a Kamuzu adapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene zidachitika m'dzina lawo. Chipepeso chimenecho n'choyenera kuzokotedwa pa mwala ndi zilembo zazikulu zofanana ndi za ngodya zinayi zija. Sichingawachepetse. Mwana wasukulu wochiwerenga angadziwe kuti ngakhale Ngwazi idafika pogwira mwendo wa anthu ake. Chimodzimodzinso a Bingu: amene amakumbukira feteleza wotsika mtengo ndi nkhokwe zodzaza akunena zoona, ndipo amene amakumbukira anthu 20 amene adaphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011 akunenanso zoona. Mlandu suola, ndipo chiliza chimene chimabisa ngongole chimangoisungira adzukulu.

Alipo ena, makamaka a m'mipingo, amene amati ziboliboli zonse ndi mafano ndipo sizifunika. Alipo enanso amene amati ndalama za mkuwa zikadagula mankhwala ndi madesiki. Oyambawo akusokoneza kukumbukira ndi kupembedza. Palibe amene amathira nsembe pa Area 18. Achiwiriwo ali ndi mfundo yolemera, ndipo mphunzitsi aliyense amene adaphunzitsapo ana atakhala pansi pa mtengo m'nyengo ya chisanu cha ku Dedza sangaipeputse. Komabe ngakhale banja losauka limamanga chiliza, chifukwa munthu sakhala ndi nsima yokha. Chimene banja losauka silichita ndi kugulitsa mbewu ya chaka chamawa kuti limange chiliza choposa cha anansi. Limamanga cha msinkhu wake, pa nthawi imene lakolola, onse atagwirizana. Palinso amene amati kufunsa aliyense kumachedwetsa zinthu, ndipo kuti Amalawi atafunsidwa sangagwirizane ngakhale pa dzina limodzi. Kuchedwa kumeneko sikuvulaza munthu. Akufa safulumira. Wofulumira ndi amene akuwerenga masiku otsala kuti anthu akaponye voti.

Nsanja ya asilikali ija, imene ambiri amangoidutsa pothamangira kukajambulitsa ndi a Kamuzu, ili ndi phunziro lakelake. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, kupatula asilikali a King's African Rifles, amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko la Nyasaland adatengedwa kukanyamula katundu wa nkhondo pamutu. Ankatchedwa amtengatenga, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda, maina awo osalembedwa paliponse. Nkhondo yomweyo ndi imene M'busa John Chilembwe adaidandaula m'kalata yake ya kwa nyuzipepala ya Nyasaland Times chakumapeto kwa 1914, asanaukire atsamunda pa 23 Januwale 1915. Adaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake cha ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chidagwetsedwa, ndipo adaikidwa m'manda obisika kuti anthu asamapiteko. Atsamunda ankadziwa bwino mphamvu ya chiliza; n'chifukwa chake adamumana.

Chodabwitsa n'chakuti chiboliboli cha Chilembwe chimene chidamveka dziko lonse lapansi chidaima ku London, pa Trafalgar Square, pakati penipeni pa mzinda wa amene adamupha. Adachipanga ndi Mmalawi, Samson Kambalu, amene amaphunzitsa zaluso ku Oxford, potsanzira chithunzi cha m'chaka cha 1914 chimene Chilembwe adajambulitsa ndi mnzake wachizungu John Chorley, onse atavala zipewa, pa nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu adamukulitsa Chilembwe kuposa Chorley. Chiboliboli chimenechi chidaima kuyambira Seputembala 2022 mpaka 2024, kenaka chidatsitsidwa, chifukwa tsinde limenelo lidakonzedwa kuti zinthu zizisinthana. Chisanasankhidwe, anthu wamba adaonetsedwa zitsanzo zingapo napemphedwa maganizo awo. Ndipo mwini wake adachitcha Antelope, pokumbukira Kasiyamaliro.

Munthu wa ku Dedza safunika kumufotokozera Kasiyamaliro, ndipo za kudambwe sizikambidwa pa tsamba ngati lino. Zimene zili poyera, zimene aliyense angathe kukaziona ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa KuNgoni m'chaka cha 1976, n'zokwanira. Chilombocho chimatuluka pa nthawi yake kudzaperekeza mzimu wa womwalira, mudzi wonse utasonkhana, ndipo mwambo ukatha sichikhala pabwalo kudikira dzimbiri. Chimabwerera kumene chidachokera, ndipo chikafunikanso pa maliro ena chimadzukanso. Nzeru yake ndi yakuti chikumbutso chimakhala ndi moyo pamene anthu akuchichita, osati pamene changoima. Kambalu adapita nayo nzeru imeneyi ku London, pamene kwawo kuno atsogoleri akuitanitsa mkuwa wolemera kuti maina a m'chipani mwawo asadzasunthike.

Ndiponso anthu a ku Dedza sangaphunzitsidwe ndi mzinda za kusiya chizindikiro chokhalitsa. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, ku Chentcherere, ku Namzeze, ku Mphunzi ndi kwina. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, amene adakhala m'mapirimo Achewa asanafike, ndipo zoyera zidajambulidwa ndi Achewa eni ake pa miyambo ya chinamwali ndi ya gule. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, chaka chomwe chiliza cha a Kamuzu chidatsegulidwa. Pa miyala yonseyo palibe pamene wojambula adalembapo dzina lake kapena nkhope ya mfumu yake. Zambiri mwa zoyerazo zidajambulidwa ndi amayi, anamkungwi, pophunzitsa atsikana. Maina amene amaoneka pamenepo lero ndi a anyamata opanda mwambo amene amalemba ndi makala pamwamba pa zojambula za makolo, ndipo kachitidwe kawo sikasiyana kwenikweni ndi ka wandale amene amafufuta dzina la msewu kuti alembepo lina.

Kutchula anamkungwi kukukumbutsa chinthu china chimene woyenda pansi uja amachizindikira akamapuma pa mthunzi: pa ulendo wake wonse sadakumane ndi mayi wa mkuwa wodziwika dzina. Mayi Rose Chibambo, amene adamangidwa m'chaka cha 1959 ali ndi khanda ndipo adakhala mayi woyamba kulowa m'gulu la nduna, amapezeka pa ndalama ya K200. M'dziko limene mwana ndi wa kuchikazi ndipo mudzi umawerengedwa potsata bele, zimenezi n'zochititsa manyazi.

Nkhaniyi si ya ku Lilongwe kokha, chifukwa posachedwa idzagogoda pa khomo la khonsolo ya Dedza. Boma limeneli lataya anthu awiri a mbiri m'zaka zochepa. A John Tembo, amene adaimira anthu a ku Dedza ku Nyumba ya Malamulo zaka zambirimbiri, adamwalira mu Seputembala 2023. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Mtakataka, imene idalowa ufumu m'chaka cha 2003 n'kuthetsa maukwati ambirimbiri a ana ndi kuwabweza kusukulu, idagona mu Ogasiti 2025. Tsiku lina wina adzaimirira pa msonkhano n'kulonjeza chiboliboli cha mmodzi wa iwo pamsewu wa paboma, ndipo n'zosakayikitsa kuti tsikulo lidzakhala pafupi ndi chisankho. Pamenepo makhansala ndi mafumu, amene amakhalira limodzi m'khonsolo, adzachite monga amachitira kumudzi kwawo. Adzamuuze wolonjezayo kuti adikire chisankho chidutse. Adzaitane banja, mipingo, Asilamu, aphunzitsi, amayi a kumsika ndi ana asukulu. Adzamve amene adathandizidwa ndi malemuwo ndi amene adalira chifukwa cha iwo, pakuti za a Tembo anthu amakamba mbali ziwiri, ndipo onse ndi a dziko lomweli. Ndalama zidzasonkhedwe poyera, ngakhale wa K500 alembedwe m'buku. Mmisiri adzafunidwe pafupi, popeza boma la Dedza, limene lili ndi osema a ku Mua ndi oumba mbiya otchuka dziko lonse, silisowa manja aluso. Ndipo asanathire simenti, adzatchulidwe amene azidzalambula pamalopo wolonjeza uja atachoka pampando.

Dzuwa likapendeka, woyenda uja amabwerera kudepoti miyendo ikulemera, nakwera minibasi ya ku Dedza. Kondakitala akamamubwezera chenji, m'dzanja mwake mumagwa Chilembwe, Mayi Chibambo, James Sangala ndi Inkosi Gomani yachiwiri, atapindikapindika ndi kuda ndi thukuta la anthu. Kupitirira pa Nathenje minda imayamba, yopanda mtengo ndi umodzi womwe mpaka kumapiri, pakuti nkhuni, makala ndi zigafa za fodya zidamaliza zonse. Koma apa ndi apo, pakati pa mizere, pamaoneka kachitsamba kowirira ka mitengo ikuluikulu yachilengedwe, kobiriwira ngakhale mu Okutobala. Mwana wa m'tauni amene wakhala pazenera amafunsa amayi ake kuti n'chifukwa chiyani pamenepo pokha sadadulepo, ndipo mayiyo amamutsitsa chala, n'kumunong'oneza kuti kumanda saloza.